Masamba pamsewu ndi jezi yachikasu: malamulo a apanjinga omwe sali m'buku

Ukamayenda mumsewu wafumbi wa kumudzi n'kupeza masamba aawisi atayalidwa mopingasa, sufunsa kuti kwagwanji. Pali zovuta. Wagalimoto amachepetsa liwiro n'kutsitsa wailesi, wapansi amavula chipewa, koma wapanjinga amachita zoposa onsewa: amatsika. Amagwira mahandulo n'kumakankha njinga yake mwakachetechete mpaka atadutsa masamba a mbali inayo, ndipo amakakweranso pomwe nyimbo za amayi a pasiwa zayamba kumvekera kumbuyo. Kaya wamanga matumba atatu a makala, kaya ndi wakabaza amene kasitomala wake akuthamangira basi, amatsika ndithu, kasitomalayo naye n'kumatsatira wapansi.

Pamenepo sipaima wapolisi. Malamulo a pamsewu amanena za kuyenda kumanzere, za mabuleki, za nyali usiku, koma sauza munthu kuti atsike pamaliro. Komabe tayesani kudutsa mukupalasa muone. M'midzi ina adzukulu amakuimitsa pomwepo, nkhani n'kukathera kwa amfumu, mwinanso ndi nkhuku ya chindapusa. Kwina sakuyankhula n'komwe. Amangokuyang'ana, wina n'kufunsa mnzake chapansipansi kuti, “Kodi ameneyu ndi mwana wa yani?” Funso limenelo limawawa kuposa nkhuku.

Apanjinga, a ku Nkhotakota ngakhale a ku France, ali ndi miyambo yambiri yotere, yomwe munthu amaidziwa atachita kaye manyazi. Ambiri amati ndi umunthu basi. Umunthuwo ulipo, sindikukana, koma ine ndimaona kuti pansi pake pali ngongole. Wapanjinga amathandiza, amadikira, amapatuka, chifukwa akudziwa kuti mawa adzakumananso ndi anthu omwewo pamsewu womwewo, ndipo iye ndiye adzakhale wosowa. Pomwe anthu amakumbukirana nkhope, miyamboyi imalimba. Pomwe sadziwana, kapena pomwe pagona ndalama zambiri, imayamba kugwedera.

Nkhope ili pamtunda

Woyendetsa galimoto amabisala m'malata ndi m'magalasi. Akhoza kukuwaza matope, osadziwika kwawo. Wapanjinga alibe pobisala, ndipo liwiro lake n'loti mawu amamupeza asanapite patali. N'chifukwa chake moni wapanjinga ali ndi miyezo yake. Mnzako wamsinkhu wako, kukweza dzanja kapena kugwedeza mutu n'kokwanira. Munthu wamkulu wodziwana naye, umachepetsa liwiro n'kuponda phazi limodzi pansi. Apongozi kapena amfumu, umatsikiratu. Chishalo chimakukweza pamwamba pa munthu amene umayenera kumuyankhula uli chogwada, ndiye kutsikako n'kubwerera pamalo pako.

Belu nalo limayankhula paŵiri. Kuliza kamodzi udakali patali ndi odi. Kuliza kangapo motsatizana uli kale pamsana pa munthu ndi kumuuza kuti choka, ndipo yankho lake limakhala lakuti, “Msewu ndi wa bambo ako?” Mayi amene wasenza nkhuni kapena ndowa ya madzi sangatembenuze khosi msanga, choncho wodziwa kupalasa amamuchenjeza nthawi ikadalipo, n'kumulambalala patali. Njinga zambiri zilibe belu, ndiye pakamwa ndi pomwe pamagwira ntchito: “Zikomo kutsogoloko!” kapena “Tidutse nawo, mayi.” Ena amangogogoda zogwirira mabuleki kuti zimveke. Koma kuimbira mluzu munthu wamkulu ngati ukuitana galu, zimenezo ndi za ana osaleredwa bwino.

Ndiye pali kufa kwa njinga. Munthu waima pansi pa mtengo, njinga waigadabuza, matayala ali m'mwamba. Wapanjinga mnzake sangodutsa.

“Zatani, achimwene?”

“Chubu, bambo. Minga.”

“Mpope muli nawo?”

Akakhala kuti alibe, umamasula wako, n'kuima pambali mpaka amalize kupopa. Supempha ndalama, ndipo iye sayerekeza kukupatsa. Chodabwitsa n'chakuti patsogolo pang'ono, wokonza njinga wa pansi pa mtengo wa mango amalipiritsa mpweya womwewo, ndipo palibe amadandaula. Iyeyo ali pantchito, inu muli paulendo. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo pamsewu mawuwa si okometsera chabe: minga yomwe yabaya mnzakoyo ikadali pomwepo, ndipo iwe ubwerera njira yomweyo madzulo.

Onyamula makala ndi nkhuni amene amalowera ku Blantyre ndi ku Lilongwe kusanache ndiwo amasonyeza bwino zimenezi. Kaŵirikaŵiri sayenda okha. Pachitunda chovuta, amaimika njinga imodzi, aŵiri n'kukankha ya mnzawo mpaka pamwamba, kenako n'kubwerera kudzatenga yotsalayo. Pamtsetse, wopanda katundu ndiye amapatukira wolemedwa, popeza aliyense akudziwa kuti njinga yosenza matumba atatu siima chifukwa choti mwini wake wafuna kuti iime. Izi ndi ulemu. Koma kuthawira kufumbi lole ikaliza hutala pa M1 si ulemu ayi, ndi mantha. Wapanjinga naye ali ndi ufulu woyenda pamsewu, koma pomwe phula ndi lopapatiza ndipo m'mbali mwake munadyeka, ufuluwo sukufikitsa kunyumba. Ulemu umene ulipo pamenepo ndi wa apanjinga okhaokha: wakumbuyo, amene wayamba kuimva loleyo, amakuwira anzake akutsogolo.

Pasiteji ya kabaza, malamulo osalembedwa amafika pokhala ngati a boma. Wofika poyamba ndiye amanyamula poyamba. Kasitomala akakhala ndi wakabaza wake amene anamuzolowera, akhoza kumusankha ngakhale ali kumapeto kwa mzere, ndipo anzake sakwiya, bola asakhale kuti iye ndiye wamukodola. Kutsitsa mtengo mobisa kuti ulande wa mnzako ndi mlandu waukulu. Wochokera siteji ina akhoza kudzatsitsa munthu, koma kunyamulirapo wina n'kuputa mkangano. Ku Mzuzu amazitcha sacramento, kwina kabaza, koma mzerewo ndi umodzimodzi. Ndipo m'masiteji ambiri anthu omwewo amene amalimbirana makasitomala masana ndi amene amasonkha mmodzi akadwala kapena akaferedwa.

Palinso za pakati pa wakabaza ndi wokwera. Mayi amakhala chammbali, ndipo wakabaza waulemu sanyamuka mpaka atamva kuti “tiyeni”, chitenje chitakokedwa kutali ndi masipoko. Mtengo mumagwirizana musananyamuke, osati pofika. Pachitunda, mnyamata wamphamvu zake amatsika yekha asanauzidwe, aŵiriwo n'kumayenda wapansi akucheza. Koma gogo kapena wodwala wopita kuchipatala satsitsidwa: wakabaza amatsika yekha n'kumakankha, thukuta lili kamukamu, wokwerayo ali phee pampando.

Njinga zamoto zitachuluka m'masiteji, zina mwa izi zayamba kutha. Injini imameza moni, chipewa choteteza mutu chimabisa nkhope, ndipo liwiro limamuchotsa munthu pamalo asanafunsidwe kuti ndi wa kwa yani. Pamasamba a maliro ena amazimitsa injini n'kukankha, ena amangochepetsa moto. Sindikhulupirira kuti anyamata a njinga zamoto ali ndi mitima yoipa kuposa abambo awo. Kungoti ngongole imavuta kulonjerera kwa munthu amene sunamuone nkhope.

Ngongole ya mphepo

Kumene malamulo osalembedwa a apanjinga amakanganirana kwambiri ndi ku mipikisano ikuluikulu ya ku Ulaya, ndipo gwero lake ndi mphepo. Wopalasa pang'onopang'ono amalimbana ndi katundu ndi chitunda. Koma akafika liwiro la makilomita 40 pa ola, mphamvu zake zambiri zimathera pong'amba mpweya. Amene wabisala kumbuyo kwenikweni kwa mnzake amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvuzo. Pakati pa chigulu chachikulu, chomwe amachitcha peloton, phindu lake n'loposa apa. Mu 2018 Bert Blocken ndi anzake ku yunivesite ya ku Eindhoven anayeza gulu la apanjinga 121, ndipo anapeza kuti amene ali m'katikati chakumbuyo amakumana ndi mphepo yochepa kwambiri, pakati pa 5 ndi 10 peresenti ya imene akanalimbana nayo ali yekha.

Ndiye kuti aliyense m'gulumo akudyera thukuta la amene ali kutsogolo. Apa ndi pomwe pamachokera lamulo loyamba: kulandizana. Wakutsogolo akatopa amagwedeza chigongono, wotsatira n'kulowa m'malo, iye n'kubwerera kumapeto kwa mzere. Wokhalira kubisala kumbuyo osafuna kutsogolako, kenako n'kudzatulukira pafupi ndi pothera kuti apambane, sanaphwanye lamulo lililonse lolembedwa. Mphotho amupatsa. Koma dzina lake limaipa, ndipo tsiku lina akadzafuna gulu loti athawe nalo, palibe adzagwirizane naye.

Popeza matayala amatalikirana pang'ono chabe, wakumbuyo saona msewu, amangoona msana wa mnzake. Maso ake ndi amene ali kutsogolo. Wakutsogolo akaona dzenje amaloza pansi ndi chala, chizindikirocho n'kumayenda kuchokera dzanja kupita dzanja mpaka kumapeto. Akaona galimoto yoima m'mbali amapinda dzanja kumsana kuuza anzake kuti akhotere uku. Kumanga mabuleki mwadzidzidzi kapena kukhota osachenjeza n'kugwetsa anthu khumi. Ngakhale magulu a anthu wamba opalasa Loŵeruka m'maŵa, ku London kapena ku Cape Town, amatsata zomwezi, ndipo mlendo amene wangodziphatika kumbuyo kwa gulu osapereka moni kapena kupempha amaonedwa ngati munthu wolowa m'nyumba osaodira.

Mpikisano wotchuka kuposa yonse, Tour de France, unayamba mu 1903. Masiku ano umatenga milungu itatu, uli ndi zigawo 21, ndipo opalasa pafupifupi 180 amayenda makilomita oyandikira 3,500. Amene akutsogola pa nthawi yonse akaiphatikiza amavala jezi yachikasu, mwambo umene unayamba mu 1919. Choseketsa n'chakuti poyambirira malamulo olembedwa ankaletsa kuthandizidwa. Mu 1913 Eugène Christophe anathyokeredwa chitsulo chogwira tayala lakutsogolo akutsika phiri la Tourmalet. Anasenza njinga wapansi mpaka kumudzi wa Sainte-Marie-de-Campan, n'kukaisula yekha pachipala, oyang'anira mpikisano ali chilili kumuonerera. Atamaliza anamulanga pomuwonjezera nthawi, chifukwa kamnyamata kena kanamupukusira mvukuto. Christophe yemweyo ndiye anadzakhala woyamba kuvala jezi yachikasu.

Anthu okhalira limodzi milungu itatu, maola anayi kapena asanu patsiku, amapanga mudzi, ndipo mudzi sukhala wopanda miyambo. Wovala jezi yachikasu akaima kuti ataye madzi, gulu lonse limachepetsa liwiro ndipo ambiri amapezerapo mwayi woima nawo. Kuthawa pa nthawi imeneyo n'chamanyazi. Pamalo polandirira zakudya sipothamangitsana. Botolo la madzi limadutsa kuchokera ku timu ina kupita ku ina dzuwa likaswa mtengo, ndipo chithunzi chotchuka kwambiri pa masewerawa ndi cha mu 1952, pomwe adani aŵiri a ku Italy, Fausto Coppi ndi Gino Bartali, akupatsirana botolo paphiri. Mpaka lero anthu amatsutsana kuti anapatsa mnzake ndani. Msewu ukamadutsa kwawo kwa wopalasa wina, kale ankamulola kutsogola yekha kuti akaime, apsompsone mkazi wake ndi ana, gulu likafika n'kulowamonso. Ndipo tsiku lomaliza, polowa mu Paris, mwambo wakhala woti wotsogola salimbana nayenso. M'maŵa mwake amajambulitsa atanyamula tambula ya champagne ali pachishalo.

Wolondera miyamboyi si oyang'anira mpikisano. Nthawi zambiri pamakhala wopalasa mmodzi wamkulu amene mawu ake amamveka, yemwe Afalansa amamutcha patron. Bernard Hinault, amene anapambana Tour kasanu, ankadziwika kuti akati lero tiyenda pang'onopang'ono, wachinyamata wofuna kuthawa ankaganiza kaŵiri. Chilango chake n'chosavuta. Wophwanya mwambo akadzathawa tsiku lina, matimu amene alibe nazo ntchito amamuthamangitsa dala mpaka kumugwira. Akadzagwa, palibe amatembenuka. Akadzafuna kulowa mumzere mphepo ikuomba chammbali, mpata umatsekeka.

Kudikira wogwa

Lamulo limene limautsa mapokoso chaka ndi chaka ndi ili: mdani wako wamkulu, makamaka wovala jezi yachikasu, akagwa kapena njinga yake ikavuta, usapezerepo mwayi. Umupose ndi miyendo, osati ndi tsoka lake.

Mu Tour ya 2001 Jan Ullrich wa ku Germany anaphonya kona akutsika phiri la Peyresourde n'kugwera kunja kwa msewu, ndipo mdani wake wamkulu, Lance Armstrong wa ku America, anamudikira. Patapita zaka ziŵiri, pokwera Luz Ardiden, handulo ya Armstrong inakodwa m'chingwe cha kachikwama ka woonerera, iye n'kugwa chagada. Ullrich ndi anzake anachepetsa liwiro. Armstrong atawapeza anawadutsa, n'kupambana gawolo, ndipo Tour ya 2003 anaitenga ndi masekondi 61 okha pamwamba pa Ullrich. Ngongole inabwezedwa, koma wobwezayo inamudyera zambiri. Tisaiwale kuti Armstrong anadzalandidwa zipambano zake zonse za Tour mu 2012 chifukwa cha mankhwala oletsedwa, ndipo Ullrich nayenso anadzavomera kuti sanali woyera. Anthu amene ankabera malamulo olembedwa usiku ankasunga mosamala osalembedwa masana, makamera akuona. Zimenezi zokha zikusonyeza kuti nkhaniyi si ya mitima yoyera.

Mlandu umene sunathe mpaka pano ndi wa mu 2010. Pa gawo la 15, pafupi ndi nsonga ya phiri la Port de Balès, Andy Schleck wa ku Luxembourg, atavala jezi yachikasu, anathawa anzake. Asanapite patali tcheni chinagwa. Alberto Contador wa ku Spain anamudutsa osaima. Tsikulo Schleck anataya masekondi 39 pamodzi ndi jezi, ndipo Contador anakuwizidwa ndi anthu pomwe ankaivala. Usiku womwewo anatulutsa kanema wopepesa. Pofika ku Paris, kusiyana kwa aŵiriwa kunali masekondi 39 ndendende.

Ambiri anamuweruza Contador pomwepo. Ine ndimaona kuti mlanduwu ndi wovutirapo. Choyamba, Schleck ndiye anayambitsa nkhondoyo; kodi woponya chibakera akaterereka, mnzake aime kuti adzuke adzamumenye bwino? Chachiŵiri, tiyang'ane zimene zinachitika kumayambiriro kwa Tour yomweyo. Pa gawo lachiŵiri, lopita ku Spa m'dziko la Belgium, anthu ambiri anagwa pamtsetse woterera, Schleck ali m'gulu la ogwawo. Fabian Cancellara, amene anali ndi jezi yachikasu komanso wa timu imodzi ndi Schleck, anauza gulu lonse kuti lidikire ndiponso kuti pasakhale kulimbirana pothera. Thor Hushovd wa ku Norway, amene timu yake inakhetsa thukuta tsiku lonse kuti iye akapeze mapointi amene amapatsidwa kwa ofika moyambirira pothera, anakwiya kwambiri. Kutacha, pamsewu wamiyala wa kumpoto kwa France, ngozi ina inadula gulu pakati, Contador n'kutsalira kumbuyo, ndipo Cancellara ndi Schleck sanadikire munthu. Ndiye wangongole anali ndani? Buku la ngongole zosalembedwa lili ndi vuto limeneli, aliyense amasunga lake m'mutu, ndipo masamu ake sagwirizana. Nkhaniyo inathera kwina: mu 2012 Contador analandidwa chipambanocho chifukwa cha mankhwala oletsedwa a clenbuterol, n'kupatsidwa Schleck.

Opalasa eni ake ali ndi kamzere kamene amati kamalekanitsa zinthu. Ngati gulu likungoyenda, mumadikira. Ngati nkhondo yayamba kale, ndipo kutsogolo kuli anthu oopsa amene sangaime, aliyense aone zake. Vuto n'lakuti amene amagamula kuti nkhondo yayamba ndi yemweyo amene apindule. Mu Giro d'Italia, mpikisano waukulu wa ku Italy, ya 2017, Tom Dumoulin wa ku Netherlands, akutsogola, anaimitsa gulu pomwe Nairo Quintana wa ku Colombia anagwa pamtsetse. Pa gawo lotsatira, la 16, m'mimba mwa Dumoulin munavuta asanayambe kukwera phiri lomaliza. Anaponya njinga m'mbali mwa msewu, n'kuvula jezi, n'kuthamangira paudzu, dziko lonse likuonera pa kanema. Anzake anazengereza pang'ono, kenako anapita. Anataya mphindi zoposa ziŵiri. Mpikisanowo anaupambanabe, ndi masekondi 31 pamwamba pa Quintana yemweyo, koma anthu anatsala akufunsana ngati matenda a m'mimba ali tsoka lofanana ndi kugwa, kapena ndi kulephera kwa thupi ngati kutopa.

Mu Tour ya 2022 zinaoneka zokoma. Potsika phiri la Spandelles, Tadej Pogačar wa ku Slovenia anaterereka pakona n'kugwa. Jonas Vingegaard wa ku Denmark, amene anali ndi jezi yachikasu ndipo naye anatsala pang'ono kugwa kamphindi kapitako, anasiya kupalasa n'kumayang'ana kumbuyo. Pogačar atamupeza, ntchafu ili yosupuka, anatambasula dzanja, n'kugwirana chanza njinga zikuyenda. Chithunzicho chinafala paliponse. N'zoona kuti chinali chinthu chabwino. N'zoonanso kuti Vingegaard anali patsogolo ndi mphindi zoposa ziŵiri, ndipo kutsika mofatsa kunali komukomera iyeyo. Ulemu umatsika mtengo ukakhala ndi zambiri m'thumba. Wa Ullrich mu 2003 unali wodula.

Kunja kwa mipikisano, apanjinga wamba a ku Ulaya ndi ku America amadandaula za chinthu chaching'ono: moni. Pamsewu wa kumidzi, aŵiri okumana amagwedezerana mutu kapena kukweza zala pahandulo, ndipo wopanda kubweza amanenedwa kuti ndi wodzimva, makamaka akakhala pa njinga yodula. Koma ku Amsterdam, m'dziko limene njinga n'zambiri kuposa anthu, palibe amapereka moni kwa mnzake popita kuntchito, angathe bwanji? Kumeneko ulemu ndi kusaima mwadzidzidzi pakati pa kanjira ka njinga ndi kuloza ndi dzanja usanakhote. N'chimodzimodzi kwathu kuno. Wakabaza amene pamsika wa mumzinda amadutsa anzake makumi asanu osayankhula, akafika pakanjira ka kumudzi amaponda phazi pansi n'kufunsa za ana ndi za mvula.

Pali mwambo umodzi wokha umene sindinamvepo wina akuutsutsa, ndipo umatibwezera kumasamba aja. Pa 18 July 1995, Fabio Casartelli wa ku Italy, wazaka 24, amene anapambana golide pa Olimpiki ya 1992 ku Barcelona, anagwa akutsika phiri la Portet d'Aspet mu Tour de France, n'kumwalira. Nthawi imeneyo zipewa zoteteza mutu sizinali zokakamiza. Lamulolo linadzabwera mu 2003, Andrei Kivilev atafera mumpikisano wa Paris-Nice. Tsiku la ngoziyo mpikisano unapitirira mpaka pothera, ndipo opalasa ambiri anamva za imfayo atafika. Kutacha anakana kupikisana. Anayenda limodzi mwakachetechete kuchokera ku Tarbes mpaka ku Pau, makilomita oposa 200 padzuwa, ndipo pafupi ndi pothera gulu lonse linabwerera m'mbuyo kuti a timu ya malemuyo, Motorola, adutse mzere okha. Ndalama za mphotho za tsikulo zinapita kubanja lake.

Zinachitikanso mu Giro ya 2011. Wouter Weylandt wa ku Belgium, wazaka 26, anafera pamtsetse wa Passo del Bocco pa 9 May. M'maŵa mwake gulu linanyamuka ku Genoa kupita ku Livorno popanda wothawa mnzake. Timu iliyonse inkapita kutsogolo kukang'amba mphepo makilomita pafupifupi 10, kenako n'kupatukira ina, monga amachitira amuna polandizana bokosi panjira ya kumanda, kuti aliyense aikepo phewa. Pothera, a timu yake ya Leopard Trek anafola mopingasa msewu atagwirana mapewa, ndipo pakati pawo anakokerapo Tyler Farrar wa ku America, yemwe anali wa timu ina koma mnzake wapamtima wa malemuyo. Weylandt ankavala nambala 108. Kuchokera chaka chimenecho, Giro sinaperekenso nambalayo kwa wina aliyense.